Meya Wokana Ufa

Kuseri kwa chitseko cha pabalaza kwa a Kashimbaya kunkakhala jekete imodzi imene munthu sankaloledwa kuichapa. Pogula inali yakuda, koma pofika masiku amene tikunenawa inali itatuwa ngati phulusa, ufa utamatirira m'mapewa, m'kolala ndi m'matumba momwe. Mwini wake, Ba Safeli Kashimbaya, ankaitcha jekete ya ntchito. Masuti ena onse amene anavala pa zaka zambirimbiri za umeya wawo mumzinda wathu wa Mwandashi ankati ndi ojambulitsira zithunzi basi.

Banja limeneli ndi mpando wa umeya zinali khasu ndi mpini. Bambo awo a Ba Safeli, malemu Ba Yotamu, ndiwo anali munthu wakuda woyamba kuvala unyolo wagolide wa umeya atachoka azungu. Ba Safeli anaulandira, n'kuuvala mpaka mawondo atayamba kukana masitepe a ku khonsolo. Mlongo wawo, Ba Belita, anakhala khansala mpaka imvi. Ndiye mwana wa Ba Safeli, Lombe, atabwerako ku sukulu zakunja ndi mapepala a kamangidwe ka mizinda, palibe anafunsa kuti agwira ntchito yanji. Zikwangwani za chisankho zinangolembedwa kuti "Mwana wa Ba Safeli", dzina lake lenileni lili pansi m'timalemba tofuna magalasi. Anapambana thukuta lisanatuluke n'komwe.

M'mawa wa tsiku lolumbira, bambo ndi mwana anali pa tiyi.

"Iwe Lombe," anatero Ba Safeli akusenda mbatata, "unyolo akupatsa lero ku holo. Ukabwerako upite kwa telala akakusokere jekete ina, yotchipa. Ya maliro."

"Atate, anthu andisankha kuti ndikonze misewu, osati ndizikalira m'makomo."

"Akusankha iweyo? Ayi, mwananga. Asankhanso ine, kungoti miyendo ndi yako."

Lombe anaseka, n'kumaliza tiyi wake. Ankayesa ndi nthabwala za ukalamba.

Kuno ku migodi tonse tinachita kubwera, aliyense anasiya manda a makolo ake kutali. Chimene chimatiika m'manda mwaulemu ndi chimbuya, chibale chachipongwe cha Abemba ndi Angoni. Mbemba akamwalira, ntchito yonse ndi ya Angoni: kukumba, kuphika, kunyamula bokosi. Mngoni akamwalira, Abemba amabweza. Ndipo mbuya sagwira ntchito ali duu. Amabwera ndi beseni la ufa, kupaka ofedwa kumaso mpaka ayere, kuwanena, kuwaseka, mpaka wamasiye aiwale n'kusekako pang'ono. Akuti kale mitundu iwiriyi inkabayana ndi mikondo, itatopa inapangana kuti nkhondo yotsalayo izimenyedwa ndi pakamwa. Mbuya alibe mlandu. Akhoza kukunena pamaso pa apongozi ako kuti ndiwe mbava yodya anyani, iwe n'kumubwezera kuti ndi wodya mbewa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pa zimenezi Ba Safeli anali katswiri. Pa maliro a Angoni ankavula nsapato, kumanga chitenje m'chiuno n'kumatunga madzi, pakamwa pakuthetheka. Pa maliro a Abemba anzawo ankavala jekete ija, kukhala pansi pa dothi n'kudikira ufa wawo ngati wina aliyense.

Tisamunamizire Lombe, ntchito ankaidziwa. M'zaka ziwiri zoyamba magetsi a mumsewu anayakanso, ngalande imene inkamiza nyumba za kumunsi kwa komboni inakumbidwa, ndipo msika waukulu unalandira denga la malata. Ankalowa mu ofesi alonda asanasinthane, ziphuphu sankadya, ndipo makhansala aulesi ankamuopa. Koma ku maliro ankangotumiza nkhata ya maluwa ndi lole ya khonsolo. Opita anali bambo ake, ndi ndodo yawo, ndipo anthu akaona nkhalambayo ikutsika galimoto ankati a Meya afika. Lombe ankaziona zimenezi ngati kugawana ntchito kwanzeru.

Chaka chachitatu kunamwalira Ba Kalenga Mutono, Mbemba amene anatsogolera bungwe la ogwira ntchito m'migodi kwa nthawi yaitali. Maliro amenewa Meya sakanawazemba. Tsoka lake, tsiku loika linagundana ndi mwambo wotsegulira siteshoni yatsopano ya mabasi, ndiye Lombe anafika ku manda mochedwa, atavala mkanjo wofiira ndi unyolo pakhosi, m'mbali mwake muli alendo atatu a kampani yakunja imene ankaikopa kuti idzamange masitolo mumzindamu.

Woyamba kumuona anali Nashawa. Mayi ameneyu anali Mngoni wa ku Chipata, wogulitsa tinsomba ta kapenta ndi mtedza, wapampando wa amayi a mumsika waukulu, munthu wamfupi koma wa mawu omveka kutsidya kwa njanji. Nkhope ya Ba Safeli anaipaka ufa kosawerengeka, ndipo Lombe ali khanda anamuberekapo kumbuyo mayi ake akusankha nsomba.

"Eee, anthuni, taonani!" anakuwa Nashawa, beseni lili m'chiuno. "Kamwana ka nyani katulukira lero! Mwakagwira kuti? Mpaka kukamanga ndi unyolo wagolide?"

Manda onse anaseka, ndi olira omwe.

"Mayi, chonde," anatero Lombe motsitsa mawu, "ndili ndi alendo."

"Alendo? Abwere nawonso, ufa ulipo wambiri! Iwe Lombe, nena zoona, unyolowu wauba kuti? Abemba inu kanthu kakangonyezimira manja amayabwa!"

Asanayankhe, dzanja lodzaza ufa linamufika kumaso, phwaa! Lina pamutu, lina pa mkanjo, ufa n'kulowa m'timfundo ta unyolo. Mmodzi mwa alendo aja anatulutsa foni n'kuyamba kujambula akuseka. Kuseka kwa mlendoyo ndiko kunamulasa mtima Lombe.

Mawu ofunika apa anali ochepa, ndipo mwana aliyense wa ku Mwandashi amawadziwa: choka apa, wodya mbewa iwe. Akanangotero, anthu akanaomba m'manja, ena akanamunyamula. Iye anatembenukira apolisi a khonsolo amene anabwera nawo.

"Agwireni mayi awa."

Wapolisi wamkulu anayang'ana pansi. "Bwana, awa ndi ambuya."

"Ndati agwireni."

Nashawa anayesa kuti mwanayo waphunzira kusewera. Anapereka yekha manja akuseka. "Ndimangeni, ndikadyeko za boma! Koma nyama ya nyani musandipatse!" Anasiya kuseka atamva chitseko cha lole chikutsekedwa kumbuyo kwake, lole yomwe ija imene khonsolo imanyamulira katundu wolanda kwa ogulitsa m'misewu. Ku polisi anamutulutsa dzuwa lisanalowe, koma anali atadutsa pakati pa tauni ali m'mbuyo mwa loleyo, adzukulu ake akuona. Sabata yotsatira Lombe anabweretsa lamulo ku khonsolo loletsa kupaka ufa m'manda onse a mzinda, ati n'kuwononga chakudya komanso ndi uve. Makhansala anayang'anana, koma manja anakweza. Kutsutsa Kashimbaya m'holo imene zithunzi za a Kashimbaya awiri zili pakhoma sichinali chinthu chopepuka.

Ba Safeli anamudikira mwana wawo pakhonde.

"Ndamva wamanga mbuya."

"Ndamanga munthu amene wanyoza ofesi ya Meya, atate."

"Ofesi ili ndi nkhope? Ufa wagwa pa nkhope yako, nkhope imene mayi yemweyo ankaipukuta mamina. Mawa upite kumsika. Ukagule ufa wekha, ukhale pansi patsogolo pa benchi lake, akuthire beseni lonse."

"Ine? Meya wa mzinda, kukakhala pansi mumsika?"

"Nanga ine ndinali chiyani, wootcha makala?"

"Nthawi yanu inali ina. Masiku ano anthu amafuna madzi m'mipope, osati zisudzo za pamanda."

"Madzi amawafuna, sindikukana," anatero Ba Safeli. "Koma chibadwire changa sindinaonepo mtembo ukudzinyamula wokha."

Lombe sanapite. Anapita ndi Ba Safeli, m'mawa msika utadzaza, atavala jekete yawo yotuwa, kathumba ka ufa kali m'manja. Anavula chipewa, n'kudzitsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi, pakati pa mamba a nsomba ndi makoko a mtedza. Nashawa anapitiriza kuyeza kapenta ngati sakuwaona.

"Iwe wodya mbewa," anatero mkuluyo, "usandichedwetse. Thira ufa ndizipita, matako akuzizira."

Nashawa anaika mbale pansi. "Nyani wamkulu wabwera kudzapepesera kamwana kake?"

"Nanga nditani? Ndinabala ndekha."

Mayiyo analira ndi kuseka nthawi imodzi, n'kukhuthula kathumba konse pamutu pawo. Amayi a mumsika anaimba nthungululu. Powadzutsa, Nashawa anawanong'oneza, koma kunong'ona kwa Nashawa timakudziwa, anamva ndi ogulitsa tomato omwe: "N'chifukwa cha inu, Ba Safeli. Inuyo basi. Mwana wanuyo munamulera ndi mpeni ndi foloko."

Mzinda unakhala chete. Palibe anaponya mwala, palibe anayenda ndi zikwangwani. Pa chisankho chapadera cha khansala wa dera lina, munthu wa Lombe anapambana bwinobwino.

"Mwaona, atate?" anatero Lombe. "Kumwamba sikunagwe."

Kuyambira pamenepo Ba Safeli sanaphonyenso maliro ngakhale amodzi, a Mbemba kapena a Mngoni, a wolemera kapena a wosoka nsapato, mvula kaya dzuwa. Ena a ife tinkaona zimene nkhalambayo inkachita, ndipo zinkatimvetsa chisoni. Inkasoka ndi miyendo yake pamene mwana anang'amba, mwiniwake osadziwa n'komwe kuti pang'ambika.

Chinafika chaka cha chisankho. Chipani chinamuimikanso Lombe popanda wopikisana naye. Kumbali inayo kunaima Ba Prisca Lupupa, mphunzitsi wopuma amene anthu ankati akungowononga mapepala. Lombe anali ndi misewu yoti aloze, magetsi oti aloze, ndi dzina la Kashimbaya. Ankalankhula kale za zimene adzachite m'zaka zisanu zikubwerazo.

M'nyengo yozizira, kutatsala miyezi iwiri kuti tivote, Ba Safeli anabwerako ku maliro a mlonda wina wa kusukulu akutsokomola. Chifuwacho sichinawasiye, ndipo sabata isanathe anatisiya.

M'nyumba ya a Kashimbaya munalowa chisoni, n'kulowanso mantha. Ba Belita ndiwo anawatchula.

"Angoni akapanda kubwera, titani?"

"Tilemba kampani ya maliro, azakhali. Ali ndi galimoto, ali ndi makina otsitsira bokosi."

"Tseka pakamwa! Mchimwene wanga aikidwe ndi aganyu ngati munthu wotoledwa pamsewu?"

Mkanganowo sunapite patali. Dzuwa lisanakwere kunamveka nyimbo kumsewu, ndipo Angoni analowa pageti ngati akubwera kudzalanda nyumba. Amuna ndi makasu ndi mapiki, amayi ndi mapoto akuluakulu, nkhuni ndi mabeseni, Nashawa ali patsogolo. Sanapemphe malo kwa wina aliyense. Anathamangitsa achibale kukhitchini, kukoleza moto kuseri, n'kuyamba ntchito yawo. Bana Lombe, mkazi wa malemu, anapakidwa ufa ali pamphasa. Ba Belita anauzidwa kuti asalire kwambiri chifukwa nkhope yawo ndi yoopsa kale. Wansembe anayera, makhansala anayera, Ba Prisca Lupupa atabwera kudzapepesa anayera, ngakhale galu wa pakhomopo anayenda ndi msana woyera.

Atafika pamene panali Lombe, amayi aja anaika mabeseni pansi n'kugwada.

"Olemekezeka a Meya, pepani ndi zovutazi."

Anamubweretsera mpando wa khushoni n'kuupukuta. Nthawi ya chakudya, ena onse akudyera limodzi m'mabeseni pansi, iye anamuikira katebulo, mbale yadothi, mpeni ndi foloko. Wodutsa pafupi naye ankagwira chitenje kuti kafumbi ka ufa kasagwere pa suti yake. Tsiku loyamba Lombe anaona ngati anthuwa aphunzira ulemu, ndipo mumtima anakondwerako. Tsiku lachiwiri anayamba kuona kuti akayandikira pamene anthu akuseka, kuseka kumazima.

"Azakhali, anthuwa akundichita chiyani?"

"Akukulemekeza," anatero Ba Belita, ufa uli m'nsidze. "Si zimene unkafuna?"

Tsiku loika, Mwandashi yense anatseka. Masitolo, msika, ngakhale oyendetsa minibasi anaimika. Angoni anakana galimoto ya maliro, ati nyani wamkulu sakwera galimoto, n'kunyamula bokosi pamapewa kuchokera ku tchalitchi, akusinthana. Atafika pa geti la manda anaima. Anatsitsa bokosi bwinobwino n'kuliika pa miyala iwiri pakati pa msewu, onse n'kukhala pansi. Nyimbo inatha.

Nashawa anayenda mpaka pamene panali Lombe, n'kugwada mawondo onse awiri.

"Bwana Meya, ife tafika pamene timathera. Kutsogoloku kuli lamulo lanu. Ufa sulowa, ndipo mbuya wopanda ufa si mbuya. Tikalowa mutimanga. Ndiye bambo anu ndi awa, takupatsirani."

Panalibe chipongwe m'mawu ake, ndipo chimenecho ndicho chinali choopsa. Lombe anayang'ana apolisi a khonsolo, iwo n'kuyang'ana kumitengo. Anayang'ana achibale, koma Mbemba sanyamula maliro ake ambuya ali pomwepo. Anayang'ana mayi ake. Bana Lombe anangomuyang'ana ndi nkhope yoyera ija, misozi italemba mizere iwiri. Dzuwa linkawomba bokosi la bambo ake pamsewu, anthu zikwizikwi akudikira.

"Lowani," anatero Lombe.

"Sitinamve, bwana. Makutu a odya mbewa ndi ang'ono."

Wina anamupatsa chimkuzamawu cha a kwaya. Lombe anachilandira. "Lamulo lija latha. Lowani ndi ufa wanu. Chonde, ikani bambo anga."

Bokosi linakwera pamapewa nthawi yomweyo, nyimbo n'kuyambira pamene inalekera.

Kumandako, wansembe atamaliza zake, Bana Lombe anatulutsa jekete yotuwa ija m'chitenje n'kuipereka kwa Nashawa. Nashawa anaiyala pamwamba pa bokosi, n'kuima m'mphepete mwa dzenje manja ali m'chiuno.

"Iwe Safeli! Nyani wokalamba iwe! Wapita kukaba chiyani kumwambako? Angelo inu bisani malipenga, kwabwera Mbemba! Watithawa eti? Nanga tsopano madzi pa maliro athu azitunga ndani, ndi timiyendo tako topindika tija? Ndani azitinena kuti ndiwo zathu zili ndi michira?" Anatapa ufa ndi manja awiri n'kuuwaza pa jeketeyo pang'onopang'ono. "Pita, mbuya wanga. Unali munthu."

Titalira tinaseka, titaseka tinaliranso. Kenaka mabeseni onse anatsegulidwa, ndipo ufa unakwera m'mwamba ngati utsi. Pamene unkatsika, manda onse anali oyera, kuyambira akuluakulu a chipani mpaka ana okwera m'mitengo. Pakati pa khamu lonselo panaima munthu mmodzi wa suti yakuda bii, yopanda kadontho. Panalibe chifukwa chomulozera chala, ankaoneka ngakhale kwa munthu woima ku geti.

Ndinali pafupi, ndiye zimene zinatsatira ndinazimva ndi makutu anga. Lombe anapita kwa Nashawa, amene ankakung'untha beseni lake.

"Mayi," anatero, "nanga ine?"

Nashawa anakhala ngati sanamve. Lombe anayesa mawu aja amene anawakana zaka ziwiri zapitazo. "Iwe... wodya mbewa iwe." Anatuluka mouma, ngati munthu akuwerenga chikwangwani cha chilankhulo chachilendo.

Mayiyo anagwadanso. "Pepani, bwana. Ife timapaka abale. Akuluakulu a boma timawaopa."

Anadzuka, n'kuika beseni pamutu, n'kumapita.

Misonkhano yokopa anthu inapitirira monga mwa masiku onse. Lombe ankaloza misewu, anthu n'kuvomera kuti misewu ndi yabwino. Ankaloza magetsi, anthu n'kuomba m'manja mwaulemu. Zikwangwani zinalembedwanso kuti "Mwana wa Ba Safeli", koma tsopano mawuwo ankangokumbutsa anthu za bokosi lili pamsewu. Ba Prisca sanatchulepo za ufa ngakhale kamodzi, panalibe chifukwa. Amene anamutaya Lombe si Angoni okha. Abemba anzake ndiwo ananyansidwa kwambiri, poti aliyense wa iwo anadzifunsa kuti, tsiku langa likadzafika, adzandinyamule ndani ngati ambuya atopa nafe chifukwa cha mwana mmodzi? Anagonja m'madera onse kupatula awiri a kumayadi. Anagonja ngakhale pa sukulu imene Ba Yotamu anamanga, pamene banja lonse la a Kashimbaya limavotera.

Unyolo uja unachoka m'banjamo patapita mibadwo itatu. Akuti pa tsiku loupereka, wantchito wa ku holo anafuna kuutsuka chifukwa m'timfundo take munali zoyera zouma, zina zakale kwambiri. Ba Prisca anati ausiye momwemo.

Lombe akadali mumzinda muno. Ali ndi kaofesi kojambula mapulani a nyumba pafupi ndi siteshoni ya mabasi imene anamanga, ndipo magetsi ake akuyakabe. Kwa telala anapita, mochedwa, n'kusoketsa jekete yotchipa. Masiku ano saphonya maliro. Pa a Angoni amawaza nkhuni ndi kutunga madzi, ndipo palibe amamuthamangitsa. Pa a Abemba amakhala pansi pa dothi pamodzi ndi anzake, mabeseni akamadutsa amatukula nkhope pang'ono. Sabata yathayi ndinamuona pa maliro a woyendetsa sitima wina. Nashawa anapaka wa kumanja kwake, anapaka wa kumanzere kwake, atafika pa iye anaima kanthawi, n'kumuyang'ana.

"Ufa wakwera mtengo, bwana," anatero, n'kudutsa.

Jeketeyo ikadali yakuda. Mwina tsiku lina idzatuwa, pakuti mitima ya ambuya si miyala, koma mpando uja sudzamudikira. Zaka zonse zija Lombe ankayenda mouma, n'kumayesa kuti ndi nzeru zake, osadziwa kuti pansi pali nkhalamba imene ikunyowa m'malo mwake. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.